Zipangizo Zoitanira Thandizo pa Ulendo wa Kutali

Chipangizo choitanira thandizo pa ulendo chili ndi ntchito ziwiri: kudziwitsa anthu kuti wapaulendo wagwa m'vuto, ndi kuwauza pamene iye ali. Ntchito yoyambayo sivuta kwenikweni. Yachiwiri ndiyo imalephereka kawirikawiri, moti anthu ambiri amene thandizo linawapeza mochedwa anali atadziwika kale kuti asowa, koma owafunafuna sankadziwa kolowera.

Anthu a m'malokeshoni a Lilongwe amayenda maulendo otere tsiku ndi tsiku. M'bandakucha njinga zimachoka ku Chinsapo kulunjika ku Dzalanyama, nkhalango ya kumalire a Mozambique kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. Amayi a geni a ku Kawale ndi ku Biwi amakapikula usipa ku Salima ndi ku Nkhotakota. Mavenda a ku Mgona amalowerera m'midzi ya ku Dowa, Ntchisi, Mchinji ndi Kasungu kukagula mtedza ndi soya. Akabaza a ku Area 23 ndi ku Area 25 amakatula munthu kumudzi umene iwo sanafikeko n'kale lonse, n'kubwerera okha kutada. Kuwonjezera apo pali maliro, zinkhoswe ndi ulendo wokakolola. Zovuta za m'njira n'zodziwika: mafuta kutha, tayala kuphulika, mlatho kukokoloka, kulumidwa ndi njoka, mayi woyembekezera kuyamba matenda ali pa matola, kapena kukumana ndi achifwamba.

Chipangizo chimene pafupifupi aliyense mwa anthu amenewa ali nacho ndi foni ya m'manja. Makampani akuluakulu ndi awiri: TNM, imene inakhazikitsidwa mu 1995, ndi Airtel, imene inayamba mu 1999 ikutchedwa Celtel, kenako Zain, n'kudzatenga dzina la Airtel mu 2010. Foni siilankhula ndi foni inzake mwachindunji. Imatumiza mawu ku nsanja imene ili pafupi, ndipo nsanjayo ndiyo imawapititsa patsogolo. Mafunde onyamula mawuwo amayenda mowongoka. Sakhota kuzungulira phiri, ndipo satsikira bwino m'chigwa. N'chifukwa chake m'midzi yambiri muli malo odziwika oimbirapo foni, pachulu, pansi pa mtengo wakutiwakuti kapena pakhonde pa sukulu, ndipo ana a pamudzipo amatha kuloza malowo mosakayika. Mlendo amene foni yake yasowa netiweki achita bwino kufunsa eni mudzi, ndipo ngati ali yekha, akwere pamtunda poonekera mbali zonse m'malo motsikira kumtsinje.

Nsanja za makampani awiriwa sizinamangidwe malo amodzimodzi, choncho pamene wina sakugwira mnzake amatha kugwira. Foni yolowa masimukhadi awiri ndi yabwino pa ulendo pa chifukwa chimenechi. Simukhadi yachiwiriyo iyenera kukhala yolembetsedwa, monga momwe lamulo lakhala likufunira kuyambira mu 2018, ndiponso yomagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo, popeza nambala yongosungidwa miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito imatsekedwa. Kufupi ndi malire kumachitika chinthu china: ku Mchinji foni imatha kukoka netiweki ya ku Zambia, ku Dedza ndi ku Dzalanyama ya ku Mozambique. Timizere timaoneka todzadza pagalasi, koma foni osatuluka, kapena mayunitsi n'kutha mwakanthawi. Zikatero munthu amalowa m'masetin'gi a foni n'kusankha pamanja netiweki ya kwawo.

Pamene netiweki ili yofooka, uthenga wolemba umaposa kuimba. Kuimba kumafuna kuti foni ndi nsanja zigwirane mosalekeza mpaka anthu atamaliza kulankhula, pamene uthenga wa zilembo 160 umangofuna masekondi ochepa, ndipo umatha kudutsa ngakhale pali kamzere kamodzi kozimazima. Kuflasha, kumene ndi chizolowezi cha ambiri, sikuthandiza pa ngozi, chifukwa wolandirayo amaganiza kuti ndi moni chabe, ndipo akadzati aimbe madzulo foniyo imakhala itathima. Uthenga wabwino umanena zinthu zinayi mwachidule: amene akulemba, chimene chachitika, malo, ndi thandizo limene likufunika. Mawu akuti "zavuta kuno" amabweretsa mantha kunyumba koma sayendetsa munthu. Mawu akuti galimoto lagwera m'ngalande titangodutsa mlatho wachiwiri kuchokera pa msika wakutiwakuti, ovulala ndi atatu, mmodzi sakulankhula, amapatsa wothandiza poyambira. Mayunitsi akatha pali ngongole ya Kutapa ku Airtel ndi ya Pasavute ku TNM, koma amene ali ndi ngongole yakale yosabweza angapeze khomo lotseka pa nthawi yoipitsitsa.

Chimene chimapha mafoni ambiri kuthengo si kusowa kwa netiweki koma batire. Foni ikakhala kumalo kopanda nsanja imalimbikira kusakasaka, ndipo kusakako kumadya moto kuposa kuimba kumene. Munthu amachoka ku Biwi m'mawa foni ili yodzadza, n'kudzaitulutsa m'thumba dzuwa litapendeka ataipeza yathima, asanaimbire aliyense. Mankhwala ake ndi kuiika pa kachizindikiro ka ndege kapena kuithimitsiratu, n'kumaiyatsa pakapita nthawi kapena akafika pamtunda. Nyimbo, Facebook ndi mavidiyo a pa WhatsApp ziyenera kudikira. Kutentha kumawononganso batire, choncho foni siyoyenera kusiyidwa pagalasi la kutsogolo kwa galimoto masana a mu Okutobala; kuzizira kwa ku Nyika kapena pamwamba pa Mulanje nako kumaitsitsa msanga, ndipo kumeneko foni imasungidwa m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi.

Pa nkhani ya batire, kafoni ka mabatani kamene ambiri amakatchula kuti Mose wa Lero kamaposa foni yamakono ya tachi. Kamatha masiku angapo osatchaja, kakagwa pansi kamangofuna kubwezera batire ndi chivindikiro, ndipo wakuba sakasirira. Ambiri ali ndi tochi ndi wailesi ya FM, imene imagwira munthu akalowetsa mahedifoni, poti chingwe chawo ndicho chimakhala eriyo. Wailesiyo siitumiza uthenga, koma imalandira machenjezo a nthambi yoona zanyengo, monga a mphepo ya mwera imene imavuta panyanja m'miyezi yozizira. Amene amadalira foni ya tachi ayenera kunyamula pawabanki. Ya 10,000 mAh yeniyeni imadzadza foni pafupifupi kawiri. M'misika mwadzadza zachinyengo zolembedwa manambala akuluakulu koma zopepuka m'manja, choncho pawabanki iyenera kuyesedwa kunyumba isanadaliridwe pa ulendo. Ndipo popeza mvula ndi madzi a m'bwato sizisankha foni, asodzi anazolowera kale kukulunga yawo m'jumbo ziwiri n'kumanga pakamwa.

Foni ya tachi ili ndi mphamvu imodzi imene ambiri saidziwa. M'kati mwake muli kachipangizo ka GPS, kamene kamamvera masetilaiti oyenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba. Kachipangizoka kamangolandira, sikatumiza kanthu, choncho sikafuna mayunitsi, bandulo kapena nsanja. Munthu ali pakati pa Dzalanyama, foni ikuonetsa kuti netiweki palibe, angathe kutsegula mapu n'kuona kadontho koonetsa pamene waima, makamaka ngati mapu a deralo anawatsitsiratu ali kunyumba. Akadina pa kadonthoko kwa kanthawi pamatuluka manambala awiri. Yoyamba imaonetsa kutalika kwa malowo kuchokera pa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo m'Malawi monse imayamba ndi kamzere kochotsera, chifukwa dziko lino lili kummwera kwa mzerewo. Mu mzinda wa Lilongwe nambala yoyamba imayandikira -14, yachiwiri imayandikira 33.8.

Manambala amenewa ayenera kukopedwa onse mosadumpha, kuphatikizapo otsatira kadontho. Manambalawa amawerengedwa m'madigiri, ndipo digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, moti kulakwitsa nambala yoyamba yotsatira kadontho kumasuntha munthu makilomita 11, mtunda wokwanira kuti ofunafuna akathere tsiku m'phiri lina. Manambala akalembedwa bwino n'kutumizidwa pa uthenga wamba, wolandira amangowalowetsa m'mapu a foni yake n'kuona malowo molondola mpaka mamita ochepa. Kutumiza malo pa WhatsApp n'kosavuta kuposa pamenepa, koma kumafuna bandulo ndi intaneti, zinthu zimene zimayamba kusowa uthenga wolemba usanasowe.

Foni wamba zonse zimadalira nsanja, ndipo nsanja zimadalira magetsi. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, magetsi anathima, milatho inakokoloka, ndipo m'madera ambiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje anthu anakhala osamvana ndi abale awo. Nsanja zili ndi mabatire ndi majenereta, koma jenereta imafuna dizilo, ndipo dizilo amafuna msewu. Apa ndi pamene zipangizo zosadalira nsanja za foni zimaonekera phindu lake.

Choyamba mwa izo ndi wailesi yolankhulirana, imene anthu amaiona m'manja mwa apolisi, alonda ndi osamalira nyama zakuthengo, monga a ku nkhalango ya Nkhotakota imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2015. Wailesi ziwiri zimamvana zokha popanda mayunitsi, ndipo mmodzi akalankhula onse amene atchera pamalo amodzi amamva nthawi yomweyo. Wailesi ya m'manja imafika makilomita ochepa, ndipo mapiri ndi mitengo zimaichepetsa mphamvu, pokhapokha pakhale chipangizo chobwereza mawu choikidwa pamwamba pa phiri. Imathandiza gulu loyendera limodzi, monga magalimoto awiri opita ku maliro, koma munthu woyenda yekha alibe woti amuyankhe. Mafunde a wailesi amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo wofuna kugwiritsa ntchito wailesi zamphamvu amafunika chilolezo cha bungweli.

Chachiwiri ndi foni ya setilaiti, imene imalankhula ndi kumwamba mwachindunji. Kampani ya Iridium ili ndi masetilaiti 66 ozungulira dziko lonse pa mtunda wa makilomita pafupifupi 780, pamene a Thuraya ndi a Inmarsat ali kutali kwambiri, makilomita pafupifupi 36,000, ndipo amaoneka ngati aima malo amodzi. Foni yotere imagwira pakati pa nyanja ndi pamwamba pa phiri, bola eriyo yake ione thambo. M'nyumba ya malata kapena pansi pa mitengo yothithikana imavutika. Mtengo wa foniyo ndi wa mayunitsi ake ndi wa madola, choncho eni ake amakhala mabungwe othandiza pa ngozi, makampani oyendetsa alendo ndi ena otero, osati munthu wa geni. Palinso tizipangizo tating'ono monga Garmin inReach, totumiza uthenga wolemba ndi malo kudzera pa setilaiti, tolipiridwa mwezi ndi mwezi. Mafoni ena atsopano, kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, amatha kutumiza uthenga wa ngozi pa setilaiti, koma ntchitoyi inatsegulidwa m'mayiko owerengeka okha, moti kukhala ndi foni yotere si chitsimikizo. Intaneti ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imafuna mbale yake ndi magetsi, choncho imayenera pa chipatala, pa loji kapena pa ofesi ya kumudzi, osati m'chikwama cha munthu wa pa njinga.

Chachitatu ndi kabokosi kongolira, kamene sikalankhula kapena kulandira yankho. Ntchito yake ndi imodzi: kakayatsidwa kamatumiza kulira kwa ngozi pa mafunde a 406 MHz, limodzi ndi nambala yodziwitsa mwini wake, ndipo ambiri amatumizanso malo. Masetilaiti amene amamva kuliraku ndi a mgwirizano wa Cospas-Sarsat, umene unayambitsidwa ndi Canada, France, United States ndi Soviet Union, ndipo unathandiza kupulumutsa anthu koyamba mu 1982 ndege yaing'ono itagwa ku Canada. Uthengawo umatsikira ku masiteshoni a pansi, n'kuperekedwa kwa akuluakulu opulumutsa anthu a dziko limene ngoziyo yachitikira. Ka m'ndege kamatchedwa ELT ndipo kamadziyatsa kokha ndege ikagunda pansi; ka m'sitima za pamadzi ndi EPIRB; konyamula munthu m'thumba ndi PLB. Kabokosi ka munthu sikalipiridwa pamwezi, batire yake imakhala zaka zingapo isanasinthidwe, ndipo kakayatsidwa kamalira maola osachepera 24. Koma kabokosi kamangoloza malo. Kufika kwa opulumutsa kumadalira magalimoto, mafuta, ndege ndi nyengo za dzikolo.

Amalawi anaphunzira za kabokosi kameneka m'njira yowawa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inalephera kutera chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo pobwerera inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Onse anamwalira. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, pa 11 Juni, asilikali, apolisi ndi anthu ena atafunafuna m'nkhungu. Chimene chinathandiza kuchepetsa dera lofunafunamo chinali nsanja ya foni imene mafoni a okwera anaigwira komaliza, ndipo ngakhale apo panatsala dera la makilomita 10 mbali zonse. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, m'lipoti lawo loyamba la mu Ogasiti 2024, anapeza kuti ELT ya m'ndegemo inali ndi batire imene nthawi yake inatha mu 2004. Inalinso ya mtundu wakale wa 121.5 ndi 243 MHz, mafunde amene masetilaiti a Cospas-Sarsat anasiya kuwamvera pa 1 Febuluwale 2009. Chipangizo chinalimo, koma sichikanatha kuitana aliyense. Vuto lomweli limapezeka pa pawabanki yosatchaja ndi pa simukhadi yotsekedwa, ndipo limadziwika pokhapokha munthu atayesa chipangizo chake asananyamuke.

Pali zipangizo zina zosafuna batire yaikulu kapena ndalama zambiri, ndipo ntchito yake imayamba ofunafuna akayandikira. Wezulo, yemweyo amene a chitetezo cha m'mudzi amaliza usiku m'malokeshoni, amamveka patali kuposa kukuwa, ndipo munthu wovulala amene mawu amuthera angathe kumuliza mpaka m'mawa. Kuliza katatu, kupuma, n'kulizanso katatu ndi chizindikiro chodziwika cha ngozi. Tochi imachita chimodzimodzi usiku: kuthwanimitsa katatu mwachangu, katatu motalikitsa, katatu mwachangunso, ndiye chizindikiro cha SOS chimene oyendetsa ndege ndi sitima amachidziwa. Masana kalilole kapena chivindikiro chonyezimira chimaponya dzuwa patali, ndipo chitenje chowala choyalidwa pathanthwe chimaoneka kuchokera kumwamba. Utsi wa masamba aawisi umaonekanso patali, koma m'chilimwe moto woyatsa pa udzu wouma umatha kusanduka lupsa n'kuzinga amene wauyatsa.

Zipangizo zonsezi zimagwira ntchito munthu akakhala kuti angathe kuzigwira. Amene wakomoka, kapena amene achifwamba amulanda foni, sangaitane aliyense. Chimene chimamuthandiza ndi mawu amene anasiya kunyumba: kumene akupita, njira imene adzere, amene akakumane naye ndi nambala yake, nambala ya galimoto kapena ya njinga yamoto, nthawi imene akuyembekezera kufika, ndi nthawi imene a kunyumba ayambe kumufunafuna ngati sanamveke. Mfundo yomalizayi ndiyo imaiwalika. Popanda nthawi yoikika, a pabanja amangoti mwina foni yathima, mwina wagona kwa achibale, tsiku n'kupita, lina n'kutsatira. Amalonda ena sakonda kuulula kumene akukapikula katundu poopa kuti anzawo angawalande msika, ndipo ena amabisa chifukwa anyamula ndalama. Mantha amenewa ndi omveka, koma munthu mmodzi wodalirika amakwanira. Ulendo ukasintha m'njira, uthenga umodzi wotumiza pa msika womaliza wokhala ndi netiweki umawongola zonse.

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo kumalo kopanda netiweki mnzako ndiye amathamanga kukaitana anthu. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili ndi anthu operekeza alendo pa chifukwa chimenechi. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anakwera chakunsongako atasiya womuperekeza, nyengo n'kusintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu yoposa iwiri. Munthu amene wasochera ndipo akudziwa kuti a kunyumba ayamba kumufuna achita bwino kukhala pamalo amodzi oonekera, pafupi ndi njira kapena ndi galimoto lake, chifukwa galimoto limaoneka msanga kuposa munthu woyenda pansi.

Chatsala ndi funso la woti aimbiridwe. Kumudzi thandizo loyamba silichokera ku likulu la apolisi ku Area 30 kapena ku chipatala cha Kamuzu Central. Limachokera kwa anthu a pafupi, okhala ndi ngolo, njinga ndi machila. Choncho wopita kudera lachilendo afunse nambala ya munthu mmodzi wa kumeneko, kaya ndi nyakwawa, mlangizi wa zaumoyo kapena mwini golosale ya pamsika, kuphatikizapo ya polisi ndi ya chipatala cha m'deralo. Manambala amenewa alembedwe papepala losungidwa padera ndi foni, popeza masiku ano ndi ochepa amene amasunga pamtima ngakhale nambala ya mkazi kapena mwamuna wawo, ndipo foni yobwereka kwa wodutsa ilibe mayina. Pali manambala atatu aafupi oyenera kukhala papepala lomwelo. Apolisi amaimbiridwa pa 997. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa unduna wa zaumoyo, chimapereka malangizo a zaumoyo pa 54747. Nkhani zokhudza mwana amene ali pa chiopsezo zimanenedwa pa 116.